Macheka amaluma pamene akhala chete

INSACA — Anthu ambiri odutsa pamalo ochekera matabwa m'boma la Mecanhelas amaopa macheka pamene akulira. Amayi amakokera ana awo kumbali, ndipo okwera njinga amalambalala. Koma amene adakhalitsa pantchitoyi amadziwa kuti nthawi yoopsa kwambiri imafika phokoso likatha, pamene munthu wapisa dzanja kuti achotse utuchi, abwezeretse lamba wa injini, kapena asinthe chimbale cha macheka chimene chabuntha.

Ngozi yotere imabwera m'njira imene aliyense wokhala ku Insaca angathe kuimvetsa. Magetsi azima masana, ndipo macheka aima thabwa lili pakati. Mnyamata wothandiza, posafuna kuti abwana amuone atakhala, agwada nayamba kukokolola utuchi kunsi kwa tebulo. Palibe amene wakumbukira kuti swichi idakali yoyatsa, pakuti makinawo sadazimitsidwe ndi munthu. Tsono magetsi pobwera sanena odi. Chimbale chimadzambatuka nthawi yomweyo, dzanja lili pomwepo.

Pambuyo pake anthu amati linali tsoka, ena amati ndi maula a adani. Koma ngoziyi ili ndi chiyambi chodziwika, ndipo njira yoipewera mtengo wake supambana wa loko ndi kiyi wake.

Matabwa afunika paliponse

Ntchito yocheka matabwa idakula m'dera lino nkhondo itatha. Pangano la mtendere litasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, anthu amene adathawira ku Malawi adayamba kubwerera kwawo, ndipo adapeza nyumba, masukulu ndi matchalitchi zili mabwinja. Panafunika zitseko, mafelemu a mawindo, mabenchi ndi mitanda ya madenga. Kufikira lero matabwa safuna wowatsatsa malonda: akalipentala amawafuna popanga mabedi ndi mabokosi a maliro, asodzi a ku nyanja za Chilwa ndi Chiuta amakhomera mabwato, ndipo pamsika wa pamalire ku Entre Lagos, pamene njanji yochokera ku Nacala imalowera ku Nayuchi, katundu wa matabwa sachedwa kupeza mwini.

Mitengo yokondedwa ndi mlombwa, umene pa Chipwitikizi amati umbila, msambamfumu umene amati chanfuta, ndiponso mbawa. Kuyambira m'chaka cha 2017 boma la Mozambique lidaletsa kutumiza kunja zipika zosacheka, pofuna kuti ntchito yocheka izichitikira m'dziko momwemuno. Kumeneko ndi kupindula kwa achinyamata ofuna ntchito, komanso kukutanthauza kuti manja ambiri tsopano ali pafupi ndi mano a macheka.

Kale kucheka kunali kwa anthu awiri ndi sowo lalitali, wina pamwamba pa chipika, wina m'dzenje utuchi ukumugwera kumaso. Ntchitoyo idali ndi ngozi zake, makamaka chipika chikagubuduka pathandala, koma sowo linkaima pamene mikono yaima. Lero pali macheka a injini onyamula pamanja amene ambiri amawatcha motosera, pali macheka a chimbale oyendera magetsi kapena injini ya dizilo, ndiponso macheka aatali ozungulira pa mawilo awiri amene amatchedwa serra de fita. Onsewa saima chifukwa munthu wakuwa.

Dzanja silingapikisane ndi chimbale

Mano a chimbale chachikulu chochekera zipika amathamanga pafupifupi mamita 50 pa sekondi imodzi, liwiro lofanana ndi makilomita 180 pa ola. Tcheni cha motosera chimayenda pafupifupi mamita 20 pa sekondi. Munthu wamaso akuthwa amafuna pafupifupi gawo limodzi la magawo anayi a sekondi kuti aone choopsa ndi kuyamba kubweza dzanja. M'kanthawi kameneko mano a chimbale amakhala atayenda mamita oposa khumi. Nchifukwa chake ovulala ambiri samva kupweteka poyamba. Amangoona magazi pathabwa.

China chimene chimanyenga anthu ndi chakuti chimbale sichiima pamene swichi yazimitsidwa. Pokhala chitsulo cholemera, chimapitiriza kuzungulira mwakachetechete, ndipo ngati makina alibe buleki chingathe kutero kwa nthawi yokwanira kuti munthu aiwale. Mano akamazungulira saoneka bwino, ndipo pansi pa nyale zina za magetsi chimbale chozungulira chimaoneka ngati chaima. Ena pofulumira amachiimitsa pochikanikiza ndi kathabwa m'mbali, koma kathabwako kangathe kuthyoka kapena kuulukira kumaso.

Nthawi zinayi zimene zala zimapita

Nthawi yoyamba ndi pochotsa utuchi ndi tizidutswa. Mlombwa wauwisi uli ndi utomoni wofiira umene umamata pa mano, ndipo utuchi wonyowa umaunjikana kunsi kwa tebulo mpaka chimbale kuyamba kutentha. Ntchito yochotsa zimenezi kawirikawiri imapatsidwa kwa wamng'ono pa onse, amene wangoyamba kumene, ndipo amaichita makina akuyenda pofuna kuti ntchito isaime. Kunsi kwa tebulo kuli mdima, ndipo theka la chimbale lili komweko.

Nthawi yachiwiri ndi pamene lamba wa injini wavuka kapena akuterereka. Amene adagwirapo ntchito pachigayo amaudziwa msampha umenewu. Munthu amayesa kubwezeretsa lamba injini ikuyenda, kapena kumupaka phula kuti agwire, ndipo pamene lamba akumana ndi gudumu lake amakoka chilichonse chimene chafika: chala, mkono wa malaya, ngakhale nsalu imene munthu wadzimangira m'chiuno. Magolovesi, amene amathandiza ponyamula matabwa, pamalo ano amasanduka mdani, pakuti akakodwa amakoka dzanja lonse.

Nthawi yachitatu ndi posintha kapena kunola chimbale. Nati yomangira chimbale imalimba, munthu amakanikiza sipanala ndi mphamvu zake zonse, sipanala ipulumuka, ndipo nkhonya imakagwera pa mano. Apa makina angakhale atazima ndithu, koma bala limafika pa mitsempha yoyendetsa zala. Anzeru amatchinga chimbale ndi chidutswa cha mtengo kuti chisatembenuke, amaphimba mano ndi chiguduli chokhuthala, ndipo amakankha sipanala molunjika kumene kulibe mano. Serra de fita nayo ili ndi khalidwe lake: imakhala yokungika kwambiri pa mawilo ake, kotero kuti iyenera kukhwefulidwa isanachotsedwe, ndipo ikakhala yokulungidwa imafunyululuka mwamphamvu ngati msampha wa mbewa.

Nthawi yachinayi ndi pamene thabwa lapanikiza chimbale, makina naima. Wocheka amakoka thabwa kapena kuligwedeza injini isanazimitsidwe, ndipo likamasuka chimbale chimaligwira ndi kuliponya cham'mbuyo ngati mkondo, molunjika pamimba kapena pachifuwa. Kumbuyo kwa chimbale kumayenera kukhala kachitsulo kopindika kotsekula mpata wa thabwa kuti lisapanikize, ndipo pamwamba pamayenera kukhala chivindikiro. Zinthu ziwirizi zimachotsedwa pa tsiku lokonza makina, ndipo nthawi zambiri sizibwereranso, poti kuzimanga kumadya nthawi. Makina amene akonzedwa koma chivindikiro chili pakona, kukonzako sikunathe.

Kusakonza nako kuli ndi ngozi zake. Macheka obuntha amafuna kukankha thabwa mwamphamvu, ndipo dzanja lokankha mwamphamvu ndilo limaterereka. Chimbale chimene chayamba mng'alu pakati pa mano chingathe kusweka chili paliwiro, zidutswa zake nkuuluka ngati zipolopolo. Chimbale chotere nchofunika kutaya, ngakhale mwini aone ngati wowotcherera zitsulo angachipulumutse.

Za motosera kunkhalango

Amene amacheka ndi motosera amakhala kutali ndi msewu, ndipo wovulala amafika mochedwa kuchipatala. Tcheni chikatentha chimakhwepa, ndipo chikakhwepa chingathe kuvuka kapena kuduka. Kuchimanga ndi kuchinola ndi tupa ndi ntchito ya tsiku ndi tsiku, koma iyenera kuchitika injini itazima, motosera ili pansi pamalo okhazikika. Motosera yokonzedwa bwino, tcheni chake sichiyenda pamene chala chachoka pa mafuta. Ngati chikuyendabe, ndiye kuti pali chofunika kukonza lisanathe tsiku.

Patsogolo pa chogwirira pali buleki ya tcheni, imene imagwira ntchito pamene nsonga ya motosera yagunda mtengo ndi kudumphira kumaso kwa wocheka. Buleki imeneyi ikathyoka ena amangoichotsa, nkumati sicheka matabwa. Nzoona sicheka, koma ndi yokhayo imene imaima pakati pa tcheni ndi nkhope. Kuliza motosera ili m'malere, dzanja limodzi likuiponya pansi lina likukoka chingwe, ndi chizolowezi china chimene chimadula ntchafu. Ndipo petulo athiridwe injini itazizirako, kutali ndi moto wophikira nsima ndi fodya.

Kiyi akhale m'thumba la wokonza

M'maiko amene ali ndi mafakitale aakulu a matabwa vuto ili lidadziwika kale. Ku America boma lidakhazikitsa lamulo m'chaka cha 1989 lakuti munthu asanayambe kukonza makina, azimitse mphamvu pagwero pake ndi kukhomapo loko wakewake, kiyi nkusunga yekha. Nthambi ya boma yoona za chitetezo cha apantchito kumeneko, ya OSHA, idawerengera kuti kutsata lamuloli kumapewetsa imfa pafupifupi 120 ndi kuvulala kwa anthu 50,000 chaka chilichonse.

Nzeru imeneyi siifuna fakitale yaikulu. Pamalo ochekera a magetsi, bokosi la swichi yaikulu lingathe kukhomeredwa pokolekera loko, monga pachitseko cha nkhokwe. Wokonza azimitse, akhome loko, aike kiyi m'thumba mwake, adikire chimbale chiime ndithu, kenaka ayese kuyatsa makina kuti atsimikize kuti afadi. Ngati okonza ali awiri, maloko akhalenso awiri. Pamene palibe bokosi, azule pulagi ndi kuiika pamene maso ake akuiona, kapena achotse fyuzi ndi kuyenda nayo. Pa injini ya dizilo atseke mafuta, achotse waya wa batire, kapena atenge chipukusiro cholizira injini ndi kukhala nacho pambali pake.

Chifukwa chake nchakuti pakamwa pamaiwala. Wokonza angathe kuuza mnzake mmodzi kuti asayatse, koma wachitatu amene adapita kukamwa madzi sadamve, ndipo pofika amaona makina ataima, kasitomala akudikira, nayatsa ndi mtima wabwino. Pachibale ndi pansi pa mtengo pomwe ngozi zotere zimachitika, ndipo woyatsayo amasenza chisoni moyo wake wonse.

Kwa eni makina pali chinthu china chofunika kufunsa amisiri a magetsi. Pali swichi ya mabatani awiri, lobiriwira ndi lofiira, imene imadzimasula yokha magetsi akazima, kotero kuti akabweranso makina sayaka mpaka munthu atadina. Swichi yotere ikadakhalapo, mnyamata wogwada kunsi kwa tebulo uja akadadzuka ndi zala zake zonse. Pomwe palibe, lamulo likhale lakuti magetsi akangozima, chinthu choyamba ndi kuzimitsa swichi. Utuchi uchotsedwe ndi ndodo yaitali kapena tsache, ndipo kathabwa kakang'ono kakankhidwe ndi kamtengo kosemedwa dala.

Chovuta chimakhala ulemu. Mnyamata wa ganyu amaopa kuuza munthu wamkulu kuti, "Bwana, tazimitsani kaye ndichotse utuchi," poganiza kuti amuyesa waulesi. Akuluakulu adati mbewa ya manyazi idafera kuuna. Koma udindo waukulu uli kwa mwini makina, pakuti ndi iye amene amaonetsa ngati kuimitsa macheka kwa mphindi zisanu ndi mlandu kapena ndi gawo la ntchito. Malipiro owerengera matabwa amene achekedwa patsiku nawonso amakankhira anthu kukonza makina akuyenda.

Ngozi ikachitika

Choyamba ndi kuzimitsa makina, kuti wothandiza asasanduke wovulala wachiwiri. Kenaka pabala paikidwe nsalu yoyera ndi kukanikiza mwamphamvu osalekeza, mkono utakwezedwa m'mwamba. Nsalu ikanyowa ndi magazi asaichotse, angosanjikapo ina. Ngati magazi akutumphuka ndipo sakuleka, amange nsalu yotambalala pamwamba pa bala, kumbali ya kuphewa, ndi kuipotokola ndi kamtengo mpaka magazi ataima. Nthawi imene amangira ilembedwe kapena ikumbukiridwe kuti akauze achipatala, ndipo asamasule panjira. Waya ndi chingwe chopyapyala zimadula mnofu.

Pabala pasathiridwe dothi, phulusa, utuchi, oilo wa injini, petulo kapena madzi a batire. Zonsezi zimaononga mnofu ndi kulowetsa tizilombo. Wovulala asapatsidwe mowa kapena chakudya, chifukwa mwina afunika opaleshoni. Chala chimene chaduka chikulungidwe m'kansalu koyera konyowa, chiikidwe m'pulasitiki yomanga bwino, ndipo pulasitikiyo iikidwe m'madzi ozizira. Chisagone pa ayezi mwachindunji. Madokotala ndiwo angaone chimene chingatheke. Komabe kulumikiza chala ndi ntchito ya akatswiri ochepa okhala ndi zida zapadera, kotero kuti kwa munthu wa kumudzi chala chikapita nthawi zambiri chapitiratu.

Ulendo uyambe nthawi yomweyo kupita ku chipatala chapafupi, kumene angatumize wodwala ku Insaca, ku Cuamba, kapena ku chipatala chachikulu cha chigawo ku Lichinga. M'nyengo ya mvula misewu ya kumidzi imavuta, choncho gulu locheka kunkhalango lidziwiretu kumene lingapeze njinga yamoto. Ngakhale bala likhale laling'ono, wovulala akafunse za katemera wa kafumbata. Matendawa amaonekera pakati pa masiku 3 ndi 21, amayamba ndi kuuma kwa nsagwada, ndipo amapha munthu amene bala lake linali litayamba kale kupola.

Alipira ndani?

Lamulo la ntchito la dziko lino, Lei 13/2023, limene lidalowa m'malo mwa la 2007 ndipo lidayamba kugwira ntchito m'mwezi wa Febuluwale 2024, limaika pamapewa a wolemba ntchito udindo woteteza antchito ake ndi kuwapatsa zovala zodzitetezera. Ngozi ikachitika, iye ayenera kupereka chithandizo choyamba ndi mayendedwe opita kuchipatala. Ayeneranso kukhala ndi inshuwalansi ya ngozi za pantchito ya antchito ake onse, ndipo ngati alibe, ndalama za mankhwala ndi chipukuta misozi zimachoka m'thumba mwake. Za kawerengedwe ka chipukuta misozi zidalongosoledwa m'chaka cha 2013 mu Decreto 62/2013. Mwana wosakwana zaka 18 saloledwa kugwira ntchito yoopsa.

Ambiri amasokoneza inshuwalansi imeneyi ndi INSS. Ku INSS kumapita magawo 7 pa 100 aliwonse a malipiro, 4 ochokera kwa wolemba ntchito ndi 3 kwa wantchito, ndipo ndalamazo zimathandiza pa matenda, ukalamba ndi imfa. Ngozi ya pamacheka ili ndi njira yakeyake, yodzera kwa wolemba ntchito ndi kampani yake ya inshuwalansi.

Vuto lalikulu m'midzi ndi lakuti antchito ambiri alibe pepala. Adagwirizana pakamwa, ndipo tsiku la ngozi mwini makina angathe kunena kuti munthuyo amangothandiza. Koma kusowa kwa kontalakiti yolembedwa sikufafaniza ufulu wa wantchito. Chofunika ndi umboni: achibale asunge mapepala onse a kuchipatala, awauze achipatala momveka kuti ngoziyo yachitikira pantchito, alembe tsiku ndi maina a amene adaona, ndipo adziwitse mfumu ya m'mudzi. Dandaulo lingathe kupita ku Inspecção Geral do Trabalho kapena ku Procuradoria ya boma, ndipo amene alibe ndalama ya loya angapemphe thandizo laulere ku IPAJ. Kulandira thumba la chimanga ndi mbuzi kuti nkhani ithere panyumba kumaoneka ngati mtendere, koma chimangacho chimatha mwezi umodzi, dzanja lidakali lopuwala.

Kwa munthu wa ku Mecanhelas dzanja ndilo khasu, ndilo nkhafi ndi ukonde, ndilo chiwongolero cha njinga yonyamula mpunga kupita kumsika. Bambo amene wataya zala zitatu pamacheka amapeza kuti mpini ukumupulumuka, munda uchepa, ndipo mwana wamkulu asiya sukulu kuti akalowe m'malo mwake, mwina pamacheka omwewo. Mwini makina nayenso sapindula: ntchito imaima, mlandu umadya phindu la chaka, ndipo wocheka waluso sapezeka pamsika.

Chaka chilichonse pa 28 Epulo maiko amakumbukira za chitetezo ndi umoyo wa anthu pantchito, mwambo umene bungwe la ntchito la dziko lonse la ILO lidayamba m'chaka cha 2003. Ocheka matabwa a ku Insaca, ku Chiuta ndi ku Entre Lagos sayenera kudikira tsiku limenelo. Loko amagulitsidwa pamsika pomwepa, pa tebulo limodzi ndi misomali ndi mahinjesi.